Mlandu Suola, Koma Mapepala Amaola

Munthu amene acokera ku Lusaka kulowera kumwera, akayenda makilomita ngati 45 amafika m'tauni ya Kafue, ndipo cimene amayamba kuona ndico nyumba zazitali za mafakitale. Tauniyi inakula kaamba ka nchito zimene Boma linakhazikitsa kupyolera m'bungwe la INDECO dziko litalandira ufulu mu 1964. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito mu 1970, kupanga feteleza ndi mankhwala ophulitsira miyala m'migodi, ndipo inali kudalira malasha a ku Maamba. Pafupi nayo panali Kafue Textiles of Zambia, kumene kunali kucokera zitenje zimene amayi ambiri akumidzi anavala, ndiponso panali fakitale yofufuta zikopa ya Bata. Anyamata ndi atsikana a ku Petauke, Katete, Chipata ndi Lundazi anapeza nchito kumeneko, nakhala m'nyumba za ku Kafue Estates, natumiza ndalama kwao. Palibe munthu wanzeru anganene kuti mafakitalewo anamangidwa cabe.

Komatu fakitale ikaleka nchito, anchito amabalalika, makina amagulitsidwa, koma zimene zinalowa m'nthaka zimatsala pomwepo. Kulikonse padziko lapansi, fakitale yotentha malasha imasiya phulusa, yopaka nsalu imataya madzi a utoto, yofufuta zikopa imagwiritsa nchito mankhwala aukali. Zimenezi zikatayika pang'onopang'ono kwa zaka makumi angapo, zimatsika pansi kufikira madzi a m'zitsime, kapena mvula imazikokolola kukazithira mumtsinje. Mtsinje wa Kafue si wa anthu a m'tauni yokha. Pa Iolanda pali makina opopa madzi amene anthu ambiri a mu Lusaka amamwa, asodzi amadya za mumtsinjewu, madimba a ndiwo amathiriridwa ndi madzi ake, ndipo ng'ombe za m'madambo zimamwa momwemo. Akulu akukumbukira mmene udzu wa pamadzi wochedwa Kafue weed, umene ku Malawi amati namasupuni, unatsekera mtsinjewu m'zaka za m'ma 1990, kufikira mabwato analephera kudutsa. Akatswiri anafotokoza kuti udzuwo unanenepa ndi zotayika zocokera m'mafakitale, m'minda ikuluikulu ndi m'zimbudzi za m'tauni.

Tsiku lidzafika pamene malo a mafakitale akale adzafunika kupimidwa ndi kuyeretsedwa, makamaka pamene anthu akumanga nyumba ndi kukumba zitsime pafupi nawo. Kuyeretsa nthaka ndi nchito yodula koposa. Pamafunika kukumba dothi loipa, kulinyamula pa malole, kulikwirira pamalo ochingidwa bwino, ndi kupima madzi caka ndi caka. Funso lofunika kuliganizira tsopano, tsikulo lisanafike, ndi lakuti ndani adzalipira.

Yankho limene dziko lino lakhala likupereka likuoneka ku Kabwe. Mgodi wa mtovu wa Broken Hill unakumbidwa zaka pafupifupi 90 kufikira pamene unatsekedwa mu 1994, ndipo unasiya fumbi la mtovu m'makomboni monga Chowa, Kasanda ndi Makululu, limene limalowa m'magazi a ana ndi kuwononga ubongo wao. Mu 2016 World Bank inavomereza madola mamiliyoni 65.6 othandizira kukonza malo owonongeka ku Kabwe ndi m'matauni ena a ku Copperbelt. Ndalamazo zinali ngongole, ndipo ngongole ya Boma imabwezedwa ndi msonkho. Ndiye kuti mlimi wa ku Nyimba amene sanapondepo ku Kabwe amalipirako pamene agula sopo, mcere kapena njinga. Mu 2020 anthu a ku Kabwe anasuma kampani ya Anglo American kukhoti la ku Johannesburg, kampaniyo inakana mlandu, ndipo mu December 2023 khotilo linakana kuti nkhaniyo izengedwe monga mlandu wa gulu, kotero kuti odandaula anacita apilo. Ana amene anali kuyamwa pamene mgodi unatsekedwa lero ali ndi ana ao.

Pali khomo lina limene maiko ena anagogodapo ndipo linatseguka, ndilo la inshuwalansi yakale ya mafakitale.

Owerenga ambiri amadziwa inshuwalansi ya galimoto. Basi ikagunda ng'ombe ya munthu, mwini basi ndiye ali ndi mlandu, koma kampani ya inshuwalansi ndiyo imatulutsa ndalama, cifukwa mwini basiyo anali kulipira caka ciliconse kuti tsoka likagwa asalisenze yekha. Mafakitale nawo amagula inshuwalansi yotere, yolipira anthu ena amene avulala kapena amene katundu wao wawonongeka kaamba ka nchito za fakitaleyo. Cinsinsi ca nkhani yonse cili pa mau amodzi a m'mapangano ambiri akale. Mapanganowo anali kunena kuti kampani ya inshuwalansi idzalipira kuwonongeka kumene kunacitika m'caka cimene panganolo linali kugwira nchito, osati kumene kwadandaulidwa m'cakaco. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Ngati mankhwala analowa m'citsime mu 1975, koma anthu azindikira lero, pangano la 1975 likhoza kufunsidwabe, ngakhale kuti caka cake cinatha kalekale. Zili ngati ng'ombe zimene zinadya cimanga ca mnansi pamene mbusa wakuti ndiye anali kuweta. Mbusayo angakhale atasamuka mudzi, bwalo la anyakwawa lidzafunsa kuti anali kuweta ndani tsiku limenelo.

Ku America, mu 1980 Boma linakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina lakuti Superfund. Lamulolo linati eni ake a malo oipitsidwa, a lero ndi akale omwe, ayenera kulipira kuyeretsa, ngakhale kuti anataya zonyansazo lamulo lisanakhalepo. Makampani atathedwa nzeru anayamba kufukula m'mabokosi akale kufunafuna mapangano a inshuwalansi a zaka za m'ma 1950, 1960 ndi 1970. Panabadwa nchito yatsopano ya anthu ofukula mapepala otere, monga mmene ena amafukulira mbiya zakale m'mabwinja. Anapeza kuti mapangano akale kwambiri sanachule n'komwe za kuipitsa nthaka ndi madzi, motero sanakane kulipira. Mu 1973 makampani a inshuwalansi anaonjezera mau akuti adzalipira kokha ngati kutayikako kunali kwadzidzidzi ndi kwangozi, ndipo pofika mu 1986 anatseka khomolo kotheratu m'mapangano atsopano. Koma mapangano a zaka za m'mbuyo anakhalabe ndi mphamvu. Mu 1990 khoti lalikulu la ku California linagamula kuti ndalama zoyeretsera malo zimene Boma lalamula zikhoza kulipidwa ndi inshuwalansi yotere, ndipo mu 1996 khoti lalikulu la ku Indiana linati mau okanira kulipira anali osamveka bwino, kotero anayenera kumasuliridwa mokomera wogula inshuwalansi. Ngakhale eni mashopu ang'onoang'ono ocapira zovala ndi mankhwala anayeretsa malo ao ndi ndalama zimenezi. Milanduyi inali yaikulu kotero kuti inagwedeza msika wochuka wa inshuwalansi wa Lloyd's ku London, umene mu 1996 unakhazikitsa kampani yapadera ya Equitas kuti isenze ngongole zonse za m'mbuyo mwa 1993, kuphatikizapo za kuipitsa malo.

Cina cofunika kudziwa n'cakuti makhoti ambiri a kumeneko sanaumirire kuti pepala lenileni la pangano lioneke. Anavomereza maumboni ena, monga buku la ndalama losonyeza kuti fakitale inalipira inshuwalansi caka cakuti, kalata yocokera kwa mkhalapakati wa inshuwalansi, nambala ya pangano yolembedwa pa lisiti, ngakhale umboni wa kalaliki wokalamba amene anali kusunga mafaelo.

Kodi njirayi ingathandize ku Kafue? Pano m'pofunika kulankhula mosabisa, cifukwa anthu akumidzi ananyengedwapo kambiri ndi malonjezo a cuma cokwiririka.

Vuto loyamba ndi mbiri ya inshuwalansi m'dziko lino. Zambia State Insurance Corporation inakhazikitsidwa mu 1968, caka cimene Mtsogoleri wa dziko Dr Kenneth Kaunda analengeza ku Mulungushi za kuika cuma m'manja mwa Boma. Kuyambira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, kampani imeneyi ndiyo yokha inali kugulitsa inshuwalansi m'Zambia. Zaka zimenezo ndizo zomwe mafakitale a ku Kafue anali kugwira nchito usana ndi usiku. Ubwino wake ndi wakuti wofufuza sadzayendayenda m'makampani makumi awiri monga ku America, adzagogoda pakhomo limodzi. Kuipa kwake ndi kwakuti fakitale ya Boma ikafunsa ndalama ku kampani ya inshuwalansi ya Boma, ndalamazo zingocoka m'thumba la kumanja kulowa m'thumba la kumanzere la malaya omwewo.

Vuto laciwiri ndi kwaca. Pangano lililonse limachula malire a ndalama zimene lingalipire. Pamene kwaca inayamba mu 1968 inali yoposa dola ya ku America, ndipo pangano lolonjeza K1,000,000 pakati pa zaka za m'ma 1970 linali kulonjeza cuma coopsa. Koma kwaca inagwa mphamvu m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo pa 1 January 2013 anaicotsa maziro atatu. K1,000,000 ya masiku aja, poiwerengera pa ndalama za lero, ndi K1,000 cabe, imene siingagule matumba awiri a feteleza. Mlimi amene anasunga ndalama za penshoni m'buku la ku positi amaidziwa bwino nkhani imeneyi, safunika kumuuza.

Vuto lacitatu ndi malamulo. Makhoti a m'Zambia amayang'ana kwambiri ku ziweruzo za ku England, osati za ku America. Ku England mu 2006, pa mlandu wa kampani ya Bartoline imene fakitale yake inapsa ndipo mankhwala ake anathamangira m'mitsinje, khoti linagamula kuti ndalama zimene bungwe la Boma linafuna zoyeretsera mitsinjeyo sizinali m'gulu la zimene inshuwalansi inalonjeza kulipira. Inalonjeza kulipira anthu olakwiridwa, osati bilu ya Boma. Palinso lamulo la 1939 la malire a nthawi yosumira, limene Zambia inatengera ku Britain, lopereka zaka 6 pa milandu ya mapangano. Maloya adzakangana kwambiri pa funso lakuti zaka 6 zimenezo zimayamba kuwerengedwa liti.

Munthu atamva zonsezi angati nkhani yatha, mapepala aja angotenthedwa. Kumeneko kungakhale kulakwa, ndipo zifukwa zake zilipo.

Kampani ya inshuwalansi siisenza yokha katundu wolemera monga fakitale ya feteleza. Mwambo wa nchitoyi padziko lonse ndi wakuti imagawirako makampani ena aakulu akunja, a ku London, Munich kapena Zurich, ndi kuwalipira gawo la ndalama zimene yalandira. Ndalama zakunja zimene zinatuluka m'dziko lino mwa njira imeneyi zinali zosowa kwambiri masiku aja, pamene anthu anali kuima pamizere kufuna sopo ndi mafuta ophikira. Ngati pali kanthu kamene kangabwerere, kali m'mapangano amenewa, ndipo zimene analonjeza, ndalama zimene anachula ndi maina a amene anasaina zingadziwike kokha mwa kutsegula mafaelo. Kuonjezera apo, si fakitale iliyonse ya ku Kafue imene inali ya Boma lokha. Makampani akunja amene anali ndi gawo m'mafakitale, kapena amene anamanga ndi kuyendetsa makina, kawirikawiri amakhala ndi inshuwalansi yao kwao, yolembedwa m'madola kapena m'mapaundi, imene kugwa kwa kwaca sikunaikhudze. Kuti khoti lakunja lingamvere anthu akumidzi a m'Zambia, cinaoneka mu April 2019 pamene khoti lalikulu koposa la ku Britain linalola anthu 1,826 a m'midzi ya kufupi ndi Chingola kusuma kampani ya Vedanta ku London pa nkhani ya madzi oipitsidwa. Nkhaniyo inatha mwa kugwirizana kunja kwa khoti mu 2021, kampaniyo osavomera mlandu.

Ciweruzo ca Bartoline naco cili ndi mbali ina imene ikhudza owerenga mwacindunji. Cinatseka khomo kwa bilu ya Boma, koma sicinatseke kwa munthu amene citsime cake, dimba lake kapena ziweto zake zawonongeka, pakuti ameneyo ndiye munthu wolakwiridwa amene inshuwalansi inapangidwira. Inshuwalansi yotere siilipira popanda wodandaula. Munthu amene madzi a m'citsime cake asintha mtundu kapena fungo, amene ndiwo zake zikupsa popanda cifukwa, ayenera kukanena ku khonsolo ndi ku Zambia Environmental Management Agency, ndi kuumirira kuti dandaulo lake lilembedwe ndi deti lake, iye asungeko pepala. Kudandaula pa bwalo la mowa sikufika kukhoti.

Ndipo faelo ya inshuwalansi siisunga pangano lokha. Kampani ya inshuwalansi isanavomere kucinjiriza fakitale, imatumiza akatswiri kukayendera, ndipo iwo amalemba kumene kuli matanki, kumene kumatayidwa phulusa, kumene ngalande zimapita, ndi ngozi zimene zinacitikapo. Kwa munthu wofuna kupima nthaka pambuyo pa zaka 50, malipoti amenewa ali ngati mapu. Amamuuza pokumba, m'malo mongobowola thengo lonse. Ngakhale patapanda kubwera ngwee imodzi kucokera ku inshuwalansi, mapu otere angapulumutse ndalama zambiri za msonkho.

Coopsa n'cakuti mapepalawa ali m'manja mwa ciswe. Zambia Privatisation Agency itakhazikitsidwa mu 1992, makampani a Boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa, INDECO inatha, ndipo ZIMCO, imene inali kholo la makampani onsewo, inathetsedwa mu 1995. Zambia State Insurance Corporation nayo inagawidwa pambuyo pake, mbali ya inshuwalansi ya moyo payokha ndi ya katundu payokha. Nthawi iliyonse imene ofesi isamuka kapena kusintha mwini, mafaelo akale ndiwo amayamba kuponyedwa m'cipinda codontha, ndipo wosesa amawaona ngati zoyatsira mbaula. Amene anapitapo ku ofesi kukafunsa faelo ya penshoni ya malemu bambo ake amadziwa mmene mapepala amasowera.

Cimene cifunika si cacikulu. Makalaliki owerengeka ndi loya mmodzi wodziwa za inshuwalansi angathe kuyendera National Archives ku Lusaka, zipinda zosungira mafaelo za mafakitale a ku Kafue, maofesi a amene anathetsa makampani a Boma, ndi makampani amene analowa m'malo a Zambia State Insurance Corporation, nalemba ndandanda ya pangano lililonse, caka cake, malire ake ndi amene anagawana nalo. Pensions and Insurance Authority, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi, ndiyo yoyenera kuwauza kuti asataye mafaelo a zaka zimenezo. Mtengo wa nchito yonseyi sungafike pa wa malole ocepa onyamula dothi loipa. Ndiponso malo a fakitale yakale asagulitsidwe kapena kudulidwa mapuloti nthaka isanapimidwe, ndipo m'pangano logulitsa mulembedwe poyera amene atenga mafaelo ndi amene atenga mlandu.

Lamulo la 2011 loyang'anira zacilengedwe linanena kale kuti woipitsa ndiye alipire. Mfundoyo ndi yabwino, koma woipitsa amene anathetsedwa zaka 30 zapitazo salipira. N'cifukwa cake nkhani ya mapepala akale iyenera kutsegula maso pa mapepala a lero. Pa 18 February 2025 damu la zotsalira za mgodi la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, ndipo malita pafupifupi mamiliyoni 50 a madzi a asidi, monga mwa malipoti oyamba, anathamangira mumtsinje wa Mwambashi kulowa mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inapsa, mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi, ndipo ndege za asilikali zinamwaza laimu mumtsinje. Mapangano a inshuwalansi a masiku ano kawirikawiri amakana kulipira kuipitsa kwapang'onopang'ono, pokhapokha fakitale itagula pangano lapadera la zimenezo. Ku Kafue kuli mafakitale atsopano, kuphatikizapo yosungunula zitsulo. Popereka cilolezo kwa fakitale iliyonse, Boma liyenera kuona ndi maso pangano lotere, kuona kuti malire ake ndi okwanira ndipo sadzadyedwa ndi kugwa kwa ndalama, ndi kusunga kope lake ku National Archives kumene mwini fakitale sangalisowetse.

Pa mapangano akale, mboni zambiri sizili ku Lusaka. Makalaliki, osunga mabuku a ndalama ndi olemba makalata a ku Kafue Textiles, Nitrogen Chemicals, INDECO ndi Zambia State Insurance Corporation anapuma nchito nabwerera kwao, ndipo ena akuwerenga nkhani ino pakhonde ku Sinda, ku Chadiza kapena ku Mambwe. Iwo akudziwa cipinda cimene munali mafaelo a inshuwalansi, dzina la mkhalapakati amene anali kubwera kumapeto kwa caka, ndi caka cimene akatswiri akunja anayendera matanki. Ena ali ndi makalata m'masutukesi pansi pa bedi, pamodzi ndi makadi a nchito. Amene anali ndi zaka 25 mu 1975 tsopano apyola zaka 70. Ana ndi adzukulu ao angacite bwino kukhala nao pansi, kulemba zimene akukumbukira, maina, zaka ndi malo, ndi kusunga zolembazo pamodzi ndi makalata aja pamalo pouma, kuti ofufuza akadzafika m'boma lao adzapeze poyambira.